Tisagule laputopu chifukwa cha kachizindikiro ka i7

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi makolo komanso achinyamata a kuno ku Chipata amene akusaka laputopu yotsika mtengo yoti azichitirapo za sukulu, ndiponso azisewerapo magemu apo ndi apo, monga mpira wa eFootball, Minecraft kapena GTA V. Ntchito yanga ndi yokonza makompyuta, ndipo chimene chimandiwawa n'chakuti anthu ambiri amawononga ndalama zimene anazipeza movutikira pogula makina okalamba, kungoti wogulitsa wawalozera kachizindikiro kolembedwa Core i7 kamene kamamatidwa pafupi ndi kiyibodi.

Kachizindikiroko pakokha sikanena zambiri, chifukwa kampani ya Intel yakhala ikutulutsa mapurosesa (ubongo wa kompyuta) a i3, i5 ndi i7 kwa zaka zoposa khumi, ndipo chofunika ndi nambala imene imatsatira dzinalo, poti ndiyo imasonyeza m'badwo wa purosesayo. Purosesa ya i7-3520M ndi ya m'badwo wachitatu, ya mu 2012, ndipo ili ndi ma core (tizigawo togwira ntchito m'kati mwake) awiri okha, pamene i5-8250U ndi ya m'badwo wachisanu ndi chitatu, ya mu 2017, ndipo ili ndi ma core anayi. Choncho i5 imeneyi imaisiya kutali i7 ija, ngakhale kuti m'mashopu ena yokalambayo ndi imene amaikweza mtengo. Palinso chifukwa china. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 simalandira mapurosesa ambiri a Intel a m'munsi mwa m'badwo wachisanu ndi chitatu. Wogula makina a m'badwo wachitatu kapena wachinayi lero akugula chinthu chimene eni ake anachitaya kale.

Munthu wa ndalama zochepa asavutike ndi malaputopu olembedwa gaming, amene amakhala ndi khadi lapadera la zithunzi la Nvidia. Atsopano ndi okwera mtengo kwambiri, ndipo ogwiritsidwapo kale nthawi zambiri amakhala atatenthedwa kwa zaka. Amadyanso magetsi, pakuti chaja yake imafuna mawati oposa 100, pamene laputopu wamba imakhutira ndi 45 kapena 65. Tonse tikukumbukira mmene magetsi ankazimira maola ochuluka mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, ndipo amene amadalira kasola ndi kainiveta kakang'ono akudziwa kuti kusiyana kumeneku si kwamasewera.

Pa magemu opepuka, gawo la zithunzi limene limakhala m'kati mwa purosesa momwemo ndi lokwanira, bola lisankhidwe bwino. Ryzen 5 3500U ya kampani ya AMD, imene inatuluka mu 2019, ili ndi Radeon Vega 8, imene imakoka magemu bwino kuposa UHD 620 ya m'mapurosesa a Intel a m'badwo wachisanu ndi chitatu. Thumba likalola, i5-1135G7 ya mu 2020, yokhala ndi Iris Xe, ndi yabwino koposa. Koma apa pali mfundo imene ogulitsa ambiri satchula n'komwe: gawo la zithunzi lotereli lilibe memori yakeyake, limabwereka ku RAM, memori imene kompyuta imagwiritsa ntchito ikamayenda. N'chifukwa chake timitengo tiwiri ta RAM ta 4 GB timathamangitsa gemu bwino kuposa kamtengo kamodzi ka 8 GB, popeza purosesa imatunga m'njira ziwiri nthawi imodzi. Wogula afunse kuti makinawo ali ndi malo angati oikamo RAM, ndipo ngati ali awiri koma amodzi alibe kanthu, awerengeretu ndalama ya kamtengo kachiwiri. Kwa ine, RAM ya 8 GB ndiye poyambira, ndipo SSD (chosungira mafayilo chothamanga) ya 256 GB si chinthu chokambirana; hadi disiki yakale yozungulira ija imachedwetsa makina ngakhale purosesa ikhale yabwino chotani.

Makolo ambiri amakonda chinthu chatsopano cha m'katoni, ndipo ndimawamvetsa. Komabe laputopu yatsopano yotsikitsitsa mtengo kawirikawiri imakhala ya purosesa yofooka ya Celeron, ya RAM ya 4 GB yowotcherera pabodi moti simungawonjezere, ndi malo osungira a 64 GB, amene GTA V yokha singakwanemo. Zili ngati nsapato: yachikopa ya pa salaula ku Kapata imatha zaka, pamene yatsopano yonyezimira imang'ambika dzinja limodzi. Makina amene ankagwira ntchito m'maofesi a kunja, monga Lenovo ThinkPad T480, HP EliteBook 745 G6 kapena Dell Latitude 5490, ndi olimba, amatseguka mosavuta, ndipo zipangizo zake zimapezeka ku Lusaka.

Ogwiritsidwapo kale amafuna maso, ndipo musapereke ndalama makina ali chizimire. Ayatseni pomwepo, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, tsegulani pamene palembedwa Performance, ndipo mudzaona dzina lonse la purosesa, kuchuluka kwa RAM, ndiponso ngati muli SSD kapena ayi. Kuti mudziwe za batire, lembani powercfg /batteryreport mu Command Prompt, pulogalamu ya Windows yolembamo malamulo, ndipo Windows idzakupatsani lipoti losonyeza mphamvu imene batire linali nayo likuchoka kufakitale ndi imene latsala nayo tsopano. Ngati yatsala theka, mtengo utsike. Kenako pemphani kuti gemu iyende kwa mphindi makumi awiri, muike dzanja pamene pamatulukira mpweya, mumvetsere kulira kwa fani. Makina amene akutentha ndi kudodoma m'shopu yamthunzi sadzapirira kutentha kwa October m'nyumba ya malata, makamaka fumbi likadzaza m'kati. Onaninso kuti BIOS, pulogalamu imene imayamba kuyenda makina akangoyatsidwa, ilibe pasiwedi ya mwini wake woyamba, chifukwa imeneyo imavuta kuchotsa, ndipo nthawi zina imasonyeza kuti katunduyo sanabwere m'njira yabwino.

Pomaliza pa malonda, lisiti ilembedwe dzina la makina, nambala yake ya siriyo ndi masiku amene wogulitsa walonjeza kuwalandiranso akavuta. Popanda pepala limeneli, ngakhale mutakadandaula ku bungwe loteteza ogula la Competition and Consumer Protection Commission, mudzasowa poyambira. Kwa amalonda a m'tauni muno, komanso a ku Katete, Petauke ndi Lundazi, pempho langa n'lakuti pa kapepala ka mtengo muzilemba nambala yonse ya purosesa, kuchuluka kwa RAM ndi mtundu wa chosungira, osangoti i7 basi.

Ine wanu,
Wokonza makompyuta,
Chipata