Kalata yotseguka kwa mkulu woyang'anira za ziweto m'dera lathu: bwerani mudzayeze nkhuku zathu zisanayambe kufa

Bwana,

Ndalemba kalatayi poyera chifukwa maulendo atatu amene ndayenda kuchokera kuno ku Mchengautuwa kubwera ku ofesi kwanu sanaphule kanthu, ndipo pa ulendo womaliza ndinabwezedwa ndi mawu akuti, "Ngati sizikufa, mayi, palibe chothamangira."

N'zoona kuti nkhuku zanga 180 zoikira mazira sizikufa. Usiku zikumangoyetsemula ndi kulira pakhosi, zina maso atupa, ndipo chakudya chimene ndinagula ndi ngongole ya banki m'khonde chikutsala m'ziwiya. Ndinkatola mathireyi asanu pa tsiku, koma sabata ino ndikutola awiri okha, mazira ena chigoba chake chofewa moti akuphwanyikira m'manja ndisanatuluke m'khola. Katemera wa chitopa ndinapereka pa nthawi yake. Kuseri kwa kholalo kuli dambo kumene abakha a aneba amakasambira limodzi ndi mbalame za m'madzi zakutchire, madzulo n'kubwerera moyenda m'mbali mwa mpanda wanga.

Inu ndinu ophunzira, ndipo mukudziwa kuposa ine kuti chimfine cha mbalame chili ndi mtundu wofatsa umene kwawo n'kwa abakha ndi atsekwe akutchire. Mwa mbalamezi kachilomboka kamaswana m'matumbo osazidwalitsa, kenako kamatuluka ndi zitosi n'kutsala m'madzi. Kakalowa m'khola la nkhuku kamayamba mwa ulemu, kumangogwira njira yopumira ndi m'matumbo, koma pamene kakudumpha kuchoka pa nkhuku ina kupita pa ina kamasintha ndi kuzolowera thupi la nkhuku. Mitundu ya kachilomboka yotchedwa H5 ndi H7 ikapatsidwa nthawi yotere imatha kusandulika yolusa, yofalikira thupi lonse ndi kupululutsa khola m'masiku ochepa. Ku Pennsylvania, m'dziko la America, H5N2 inayamba mofatsa chomwechi mu 1983, ndipo patangopita miyezi ingapo inalusa mpaka mbalame pafupifupi 17 miliyoni zinawonongedwa. Ku Italy mu 1999 H7N1 inachitanso chimodzimodzi chaka chisanathe. Choncho mawu akuti "sizikufa" sanditonthoza mtima, pakuti nthawi imene sizikufayo ndiyo nthawi yoyeza.

Sindikugamula kuti m'khola mwanga muli matenda amenewa, popeza zizindikiro zake zimafanana ndi za matenda ena a m'chifuwa, ndipo maso okha, ngakhale a dokotala wa ziweto, sangawasiyanitse popanda labu. Chondidetsa nkhawa n'chakuti alimi anzanga awiri ku Chibavi akudandaula zomwezi, pa msika abakha ndi nkhuku akugulitsidwa m'zitete zogundana, mathireyi a mapepala akuzungulira khola ndi khola, ndipo amene nkhuku zake zayamba kufooka akuthamangira kukazigulitsa motchipa.

Pa msonkhano wa alimi chaka chatha munatilonjeza ndi pakamwa panu kuti tikaona zachilendo tidzangoimba foni ndipo alangizi adzafika. Ndinaimba, koyamba ndinauzidwa kuti njinga yamoto ilibe mafuta, kachiwiri kuti alangizi ali ku maphunziro. Ndikudziwa kuti ndalama za ofesi n'zochepa ndipo sindikunyoza ntchito yanu, koma kuchokera m'tauni kufika kwathu ndi mtunda woti kabaza amafika munthu asanamalize kucheza naye.

Pempho langa ndi lakuti sabata ino mutumize munthu adzatenge zoyeza pakhosi ndi kotulukira zitosi kwa nkhuku zanga, za anzanga a ku Chibavi ndi kwa abakha a padambo aja, muzitumize ku labu ya ziweto ku Lilongwe, ndipo zotsatira mudzatiuze polemba. Pamene tikudikira, uzani ogulitsa pa msika alekanitse abakha ndi nkhuku. Ine ndasiya kugulitsa nkhuku zamoyo ndipo khola ndatseka kwa alendo, koma ngongole ija ikufunika pa 30 mwezi uno. Ngati vuto likadali mafuta, ndiuzeni tsiku, ndidzalipira kabaza ndekha.

Ine wanu,
Mlimi wa nkhuku za mazira,
Mchengautuwa, Mzuzu