Miroslav Klose sadagoletse zigoli 16 mwamwayi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa zimene ndimamva kwa ochemerera mpira ena, zoti Miroslav Klose, wakutsogolo wakale wa Germany amene adagoletsa zigoli 16 pa World Cup, adali wosewera wamwayi chabe amene ankangodikirira mpira pakhomo pa golo kuti aukankhire muukonde. Amene amatero sadatsatire bwino kumene bamboyu adachokera.

Klose adabadwira mumzinda wa Opole ku Poland m'chaka cha 1978. Bambo ake, a Josef Klose, adasewerapo mpira mutimu ya Auxerre ku France, pomwe mayi ake ankasewera handball mutimu ya dziko la Poland. Banjali litasamukira ku Germany, iye adali ndi zaka 8 ndipo Chijeremani sankachidziwa. Sadakulire m'sukulu za mpira za matimu akuluakulu. Adaphunzira ukalipentala uku akusewera mutimu ya kumudzi ya Blaubach-Diedelkopf, ndipo adayamba kuonekera mu Bundesliga, ligi yaikulu ya ku Germany, ndi timu ya Kaiserslautern atapitirira kale zaka 20, msinkhu umene anzake ambiri amakhala atatchuka kale.

Munthu woyamba mochedwa chotereyu ndiye adagoletsa zigoli 5 pa World Cup ya 2002, zonse ndi mutu, kenako 5 mu 2006, 4 mu 2010 ndi 2 mu 2014. Mwayi sungatsatire munthu m'mipikisano inayi yotsatizana. Chigoli chake cha 16, chimene adapitirira nacho Ronaldo wa ku Brazil pa kuchuluka kwa zigoli za pa World Cup, ndidachionera usiku pa kanema wa m'sitolo ina, tsiku limene Germany idakwapula Brazil 7-1 ku Belo Horizonte. Goloboyi adabweza mpira woyamba, koma Klose, ali ndi zaka 36, adaufikira oteteza kumbuyo asadatembenuke n'komwe. Kudziwa pomwe mpira ugwere ndi luso, ngakhale siliwombetsa m'manja ngati chenga.

Chimene ndimamulemekezera koposa, komabe, chidachitika mu 2012 akusewerera timu ya Lazio ya ku Italy. Mpira wa pakona udamugunda dzanja n'kulowa m'golo la Napoli, woyimbira adavomereza chigolicho, koma Klose adaulula yekha kuti adaugwira. Chigoli chidakanidwa, ndipo Lazio idagonja 3-0 tsiku limenelo.

M'masewero 137 amene adasewerera Germany adagoletsa zigoli 71, kuposa Gerd Müller, katswiri wakale wa dzikolo. Ndikupempha olemba zamasewero anu kuti akamatchula akatswiri akutsogolo, dzina lake lisamasowe.

Wokonda mpira,
Zomba