Kalata yochokera ku Wisconsin: mfuti ya mwana wako

Mnzanga wapamtima,

Kalata yako yafika Lachiwiri, ndipo ndinaiwerengera pakhomo pomwepo, jekete ili m'thupi. Akuti ndakuiwala chifukwa ndakhuta tchizi cha kuno ku Wisconsin, ku America! Iweyo, amene unakhala miyezi isanu osayankha uthenga wanga? Ndakukhululukira chifukwa cha chithunzi cha khanda la mng'ono wako chija. Mphuno ndi ya amayi ako yeniyeni.

Wafunsa za mwana wako, mwana wanga uja. Ali bwino, anakwanitsa zaka 11 mu Ogasiti, ndipo nsapato tikuvala saizi imodzi. Koma pali nkhani yandisowetsa tulo, ndipo kuno ndilibe woti ndimuuze m'chinenero chathu. Apongozi anga aamuna akumupangitsira mfuti.

Usakuwe. Ndikudziwa kuti kwathu ukamva mfuti umaganiza za achifwamba. Kumidzi ya kuno kusaka agwape kuli ngati kukolola. Loweruka loyandikira Thanksgiving, chikondwerero cha kuno cha kumapeto kwa Novembala, nyengo yosaka imatsegulidwa kwa masiku 9, anthu amatenga tchuthi kuntchito, nkhalango yonse psuu ndi zovala zaolenji zoti mlenje aonekere patali. Agwape ake si tinsa takwathu tija, ena amaposa mbuzi ziwiri, ndipo nyama yake ndiyo ndiwo yathu mpaka chaka chinzake. Lamulo limalola mwana kusaka malinga wamkulu ali pafupi poti n'kumugwira ndi dzanja, ndipo mu 2017 anachotsa ngakhale malire a zaka. Ine ndinati wanga sagwira kanthu asanamalize maphunziro a chitetezo cha alenje. Anamaliza. Pamenepo ndinagonja.

Chimene sindinagonje ndi kukula kwa chipolopolo. Mfutiyi si yogula m'sitolo ayi. Pali mmisiri amene akuipanga, ndipo mtengo wake ndi wa walnut umene unagwa pafamu pa apongozi. Mmisiriyo akuti sayamba ntchito tisanagwirizane, chifukwa chitsulo chapakati cholowetsa zipolopolo chimakhala chachifupi kapena chachitali malinga ndi chipolopolo chimene mwasankha. Ndiye milungu itatu tsopano, chakudya cha Lamlungu chimazizira patebulo anthu akukangana.

Apongozi akufuna mfuti ya zipolopolo za saizi yotchedwa .30-06. Ndi imene asilikali a America anayamba kugwiritsa ntchito mu 1906, ndipo apongoziwo asaka nayo kuyambira ali mnyamata. Akuti mwana azolowera. Alamu ako akufuna 6.5 Creedmoor, yatsopanoko ya mu 2007, chifukwa anzawo onse kuntchito ndi imene akuitama. Ine ndikufuna .243 Winchester, ndipo ndikuuza chifukwa chake, poti iwe umandimvetsera mpaka ndimalize.

Ndinapempha kuti andiperekeze kumalo oyeserera, ndiwombe ndekha zonse. Mnzanga, mfuti ikalira imabwezera kuphewa. Ya .243 inangondikankha, ndinaona ndi maso anga pamene chipolopolo chinamenya. Ya .30-06 imabwezera pafupifupi kawiri kuposa pamenepo. Inandisiyira chizindikiro chakuda paphewa sabata yathunthu, ndipo pofika kachitatu ndinazindikira kuti ndikutsinzina ndisanakoke. Ine munthu wamkulu. Nanga mwana wa makilogalamu 38? Mwana akayamba kuopa mfuti yake amatsinzina, amagwedeza dzanja, chipolopolo n'kupita m'mimba mwa nyama m'malo mwa kuseri kwa mwendo wakutsogolo kumene kuli mtima ndi mapapo. Nyama ija imathawa ndi bala, n'kukafera kutali mawa lake. Mwana wako ndi uja analira masiku awiri chifukwa cha mpheta imene anaigenda ndi legeni titabwera kumudzi. Ukukumbukira tinachita kuika maliro kuseri kwa nkhokwe? Zoterozo zitamuchitikira ndi gwape, sindidziwa kuti ndingamutonthoze bwanji.

Apongozi akuti .243 ndi yofooka. Si zoona. Inatuluka mu 1955, ndipo ana ambiri kuno anaphera gwape wawo woyamba ndi imeneyi. Chofunika ndi kugula zipolopolo zolemera, za 95 kapena 100 grain, osati topepuka topangira tinyama ting'onoting'ono. Cha 100 grain chimalemera magalamu 6 ndi theka okha, koma chimatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 900 pa sekondi. M'nkhalango zathu zothithikanazi gwape umamuona pafupi, ndipo ndanena kale kuti mwana asawombe chilichonse chopitirira mayadi 100 chaka choyamba. Komanso zipolopolo zake zimapezeka m'sitolo iliyonse ya alenje.

Ndiye akuti nanga akakula, akafuna kukasaka nyama zikuluzikulu ku Montana, dera lina la America? Pamenepa mmisiri uja anandithandiza. Akuti .243, 7mm-08 ndi .308 ndi ana a mimba imodzi, chikho cha onga n'chimodzimodzi, kukamwa kokha ndiko kumasiyana. Tikasankha chitsulo chachifupi lero, mwana akafika zaka 16 angosintha mpope, mfuti n'kukhala yomweyo ya mtengo wa agogo ake. Apongozi anangoti duu. Kenako anati bwanji tingoyamba ndi 7mm-08 yomweyo, poti pali zipolopolo zake zochepetsedwa mphamvu dala. Kunena zoona, mfundo imeneyo ndi yomveka, ndipo ndi imene ikundizunguza mutu usiku uno.

Palinso za kutalika. Mbali yotsamira paphewa ya munthu wamkulu imakhala mainchesi 13 ndi theka, ya mwana ngati 12, ndiye aziwonjezera timatabwa akamakula. Ndinapempha kuti aipepuse kwambiri kuti asamatope nayo, mmisiri anakana. Akuti mfuti yopepuka ndiyo imabwezera koopsa. Chinanso, galasi loonera patali likakhala pafupi ndi diso limatema pachikope mfuti ikabwezera. Ndasokapo mabala otere kuntchito.

Ndipo makutu, mnzanga, makutu! Madala ambiri amene ndimawasamalira samva khutu lakumanzere, ndipo ukafunsa upeza anali alenje owombera kumanja. Phokoso la mfuti limapitirira madesibelo 140, kulira kumodzi kokha kutha kuwononga khutu osachiranso. Ndamugulira zotsekera mitundu iwiri, zolowetsa m'kati ndi zovala pamwamba. Ndimakumbukira agogo ako aamuna ndi gogodera yawo ija, mmene tinkachita kukuwa powapatsa moni, iwo n'kumayankha za mvula. Tinkaseka, koma lero ndikaganiza ndimamva chisoni. Mfutiyo izikhala yokhomeredwa m'bokosi lachitsulo kwa apongozi, zipolopolo kwina, makiyi kwa akulu. Pa ichi palibe amene wanditsutsa.

Za mayeso anga aja, ndinakhoza, andikweza. Ndidzakuuza bwino. Pepa kwambiri za amalume ako, uthenga unandipeza ndili kuntchito usiku ndipo sindinathe kuimba. Uwauze azakhali kuti kangachepe kakubwera kumapeto kwa mwezi.

Ufa umene ndinagula mwezi watha ndi wamisere, nsima yake siigwirana ngakhale utavundula mpaka mkono kuwawa. Mlongo wako akamabwera mu Disembala usamupatsenso usipa wosauma bwino ngati uja, chikwama chonse chinanunkha. Chitenje chobiriwira chija usaiwale. Kuno kwayamba kale kuzizira, masamba akuyoyoka, ndipo alamu ako sanakonzebe zenera la kuchipinda.

Mmisiri akufuna yankho Lachisanu. Dzulo mwana wako anabwera kukhitchini n'kundifunsa motsitsa mawu ngati ya agogo ija imapweteka. Ndinamuuza zoona. Anangogwedeza mutu, kenako anati ndisawauze agogo kuti wafunsa. Ndiye ndikuganiza kuti mawa ndipite ndekha kufamu ndisanalowe ntchito, ndikakhale nawo pansi apongoziwo popanda alamu ako, ndikawauze kuti... maso akulemera, koloko yakwana 1, ndipo 6 ndikhale nditadzuka. Ndidzapitiriza.

Moni kwa onse kunyumba.

Ndine mnzako uja.