Uinjiniya usafewetsedwe, koma ana a m'ma CDSS apatsidwe poyambira

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa nkhani imene ikumveka kawirikawiri yoti mainjiniya a masiku ano ndi ofooka chifukwa kulowa ku yunivesite kunaphweka. Msewu ukangokumbika kapena mlatho ukakokoloka ndi madzi, anthu amathamangira kunena zimenezi. Ine ndimaphunzitsa Physics pa sukulu ina ya CDSS kuno ku Kasungu, ndipo ndikukana. Kulowa sikunaphweke ayi. Chimene chinasintha ndi kasankhidwe ka ana, komanso luso limene mwana amafika nalo kumeneko.

Kale wofuna uinjiniya ankaloza malo amodzi okha, ku Poly, imene inatsegulidwa mu 1965 ku Blantyre ndipo kwa zaka zambiri inali nthambi ya University of Malawi. Panali nthawi imene kukhoza MSCE sikunali kokwanira. Unkalembanso mayeso olowera ku yunivesite, oyesa masamu, chiyankhulo ndi kaganizidwe. Mu 2009 boma linabweretsanso kota, kusankha motengera boma limene mwana akuchokera, ndipo inadzathetsedwa mu 2020. Pano zinthu zili pena. Yunivesite ya sayansi ndi luso ya MUST inatsegulidwa ku Thyolo mu 2014, Poly inaima payokha n'kukhala MUBAS mu 2021, mayeso olowera aja anatha, ndipo ana amafunsira malo kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite. Malo anachuluka ndithu, koma olemba Fomu 4 anachuluka kuposa malowo. Wofuna uinjiniya ayenera kukhala ndi mapointi ochepa kwambiri, ndiponso akhoze bwino Masamu, Physics ndi Chemistry.

Vuto langa lili pa mapointiwo. Iwo amanena kuti mwana anayankha bwino pa pepala, koma sanena ngati anagwirapo chipangizo. Pa sukulu pathu palibe labotale. Ndikafika pa mutu wa magetsi, ndimatenga mabatire a tochi, waya wochotsa mu wayilesi yakufa ndi kababu kamodzi, ndipo choyezera magetsi ndimabwereka kwa mnyamata wokonza mafoni pa msika. Ana oposa kuwawerenga amaunjikana kuzungulira tebulo limodzi. Wa kutsogolo ndiye amaona nambala ikusintha tikawonjezera batire, wa kumbuyo amangomva kuti yasintha, n'kulemba. Zipangizo zenizeni ambiri amazikhudza mayeso a pulakitiko atayandikira, zobwereka ku sukulu ina. Komabe mwana wakhama amaloweza mapepala a mayeso akale usiku ndi nyali, n'kukhoza mpaka kusankhidwa.

Mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa anasankhidwa motero. Atabwera pa holide yoyamba anandionetsa pepala lake la Drawing. Mizere inali yonenepa pena, yowonda pena, ndipo m'makona munali mabowo a kampasi chifukwa chofufuta ndi kuyambiranso. Anandiuza kuti anzake ochokera ku sukulu zogonera za boma ndi za mishoni anali atazolowera kale bolodi yojambulira ndi T-square, pamene iye ankaziona koyamba. Masamu sanamuvute, anali patsogolo pa ambiri. Chimene chinkamusowetsa tulo ndi mantha oti awidedwa, kutanthauza kuchotsedwa pa yunivesite chifukwa cholephera, chaka choyamba pa zinthu zimene sanapatsidwepo mwayi wozigwira. Anapirira ndipo akupitiriza, koma si onse amene amatero, makamaka ngongole ya boma ikapanda kuwapeza n'kumaphunzira ndi njala.

Tsono ena akamva zotere amati aphunzitsi a ku yunivesite achepetse ukali, ana asamalephere. Ine ayi. Digiri ya uinjiniya imatenga zaka zisanu pa chifukwa. Amene adzawerengere kuchuluka kwa zitsulo za mlatho wa pa Bua kapena pa Dwangwa sayenera kukhoza mwa chifundo, chifukwa pa mlathopo tidzadutsa ndife, ndi fodya wathu popita ku msika wa fodya wa Chinkhoma. Mayeso akhale olimba monga kale. Chimene ndimaopa n'chakuti kalasi ikakula makina osawonjezeka, maola a ku wekishopu ndiwo amayamba kufupika, ndipo wophunzira amatha kumaliza atangoonerera mnzake akugwiritsa ntchito makina. Pamenepo ndiye pofunika kuyang'anitsitsa, osati pa khomo lolowera.

Kota inatha, ndipo sindikuilira. Koma kuchotsa kota sikunamange labotale ku Santhe, ku Chulu kapena ku Nkhamenya. Ndipo luso kuno lilipo. William Kamkwamba wa ku Wimbe anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo kuchokera ku zitsulo zotayidwa, atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi.

Pempho langa kwa akuluakulu a MUBAS ndi MUST ndi lakuti ana osankhidwa kuchokera ku sukulu zopanda labotale aziitanidwa masabata angapo anzawo asanafike, akazolowere wekishopu, labotale ndi Drawing, kenako alembe mayeso omwewo ndi wina aliyense. A Unduna wa Zamaphunziro, ngati simungathe kumanga labotale pa CDSS iliyonse, mangani imodzi yokwanira bwino pa kilasita, gulu la sukulu zoyandikana, kuti tizisinthana masiku. Nawo makampani ogwira ntchito pa msewu wa M1 angathandize. Ana athu amadutsa oyeza msewu ali ndi makina awo a miyendo itatu, osadziwa kuti akuyang'anamo chiyani. Atawalola a Fomu 3 kudzasuzumiramo tsiku limodzi n'kuwafotokozera mmene amayezera kukwera ndi kutsika kwa nthaka, ife aphunzitsi tingawabweretse tokha.

Mphunzitsi wa Physics,
Kasungu