Kwa mnzanga wa ku Newcastle: za kuzizira kwa fulati ndi bilu ya magetsi

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi kamwana. Zithunzi za mita ndi za mahita zija zafika. Mwati fulatiyo ilibe gasi, mazenera ndi a galasi limodzi, m'mawa madzi amakhala ali chuchuchu pagalasi, ndipo bilu ya Okutobala yakudulani kale miyendo chisanu chenicheni chisanafike. Mukufunsa hita yoti mugule. Ndalamayo yambani mwaisunga.

Hita iliyonse yapulagi, kaya ya mafuta, kaya yafani, kaya ya nyali zofiira ija, ikadya yuniti imodzi imatulutsa kutentha kofanana ndendende ndi inzake. Yuniti yake ndi yomwe ija tinkagula ku ESCOM, kWh imodzi. Hita ya 2 kW ikayaka ola lathunthu yadya mayunitsi 2. Tiyerekeze kuti yuniti ndi 25p, ndiye kuti ola limodzi ndi 50p, maola 6 patsiku ndi £3, pamwezi £90, ndipo apo mwatenthetsa chipinda chimodzi chokha. Otsatsa malonda adzakuuzani kuti yawo ya mapaundi mazanamazana imapulumutsa magetsi. Musawamvere. Kusiyana kulipo n'koti yafani imatenthetsa msanga koma imasokosa, pomwe ya mafuta imachedwa kugwira n'kuchedwanso kuzizira. Chofunika pa hita yapulagi ndi thermostat yoti izizimitsa yokha chipinda chikafunda, basi.

Nkhani yaikulu ili pa mita yanu. Pachithunzipo pali manambala awiri, R1 ndi R2. Zimenezi zikusonyeza kuti muli pa Economy 7: maola 7 a usiku magetsi amatsika mtengo, nthawi zambiri kufika cha pa theka la mtengo wa masana, koma masanawo amadula kuposa a munthu amene ali pa mtengo umodzi. Maola otchipawo amagwera penapake pakati pa 11 koloko usiku ndi 8 koloko m'mawa, kutengera dera ndi mtundu wa mita, choncho funsani kampani yanu ikuuzeni nthawi yeniyeni. Musangoganiza kuti R1 ndiye ya masana, chifukwa mamita amasiyana. Wiritsani ketulo ndi kuyatsa hita kwa kanthawi masana, nambala imene isunthe ndiyo ya masana. Ndiye taonani zimene mukuchita panopa: mahita akuluakulu apakhoma aja mwawazimitsa poopa bilu, n'kumayatsa kahita kafani madzulo. Mukugula kutentha pa nthawi imene magetsi ali okwera mtengo kwambiri.

Mahita apakhomawo ndi storage heater. M'kati mwake muli njerwa zolemera ndi mawaya otenthetsa. Usiku njerwazo zimamwa moto, masana n'kumautulutsa pang'onopang'ono, ngati mafuwa amene amakhalabe otentha nkhuni zitazima kalekale. Yaikulu ya pabalazayo iyenera kuti ndi ya 3.4 kW. Ikadzaza usiku wonse imadya mayunitsi pafupifupi 24. Ngati yuniti ya usiku ndi 14p, imeneyo ndi £3.30 kapena kuposera pang'ono. Kutentha komweko mukakugula masana pa 30p mulipira kupitirira £7.

Tsegulani kachivundikiro kapamwamba, mupeza timabatani tiwiri tozunguza. Kolembedwa input kamalamula kuchuluka kwa moto umene njerwa zimwe usiku. Kolembedwa output, pena amalemba boost, kamatsegula kachitseko kotulutsira mpweya wotentha. Anthu ambiri amalakwitsa pa kachiwirika. Amakasiya pamwamba usiku wonse, kutentha n'kumatuluka iwo ali m'bulangete, ikamakwana 3 koloko masana njerwa zazizira, kenaka amati hitayo ndi yakufa. Inu musanagone ikani output pa 1. Isiyeni pomwepo mpaka madzulo, chifukwa chitsulo chakunja chimafunditsa chipinda ndithu ngakhale kachitseko kali kotseka. Ikamati 5 koloko, kwezani pang'onopang'ono. Input yambani pa 3 kapena 4. Mukaona kuti pofika 9 koloko usiku hita yazizira, kwezani kamodzi. Ikakhala ikadali yotentha kwambiri pogona, tsitsani. Dziwani kuti zimene mwasintha lero muziona mawa, ndiye muzionera nkhani zanyengo madzulo: akalengeza kuti mawa kuzizira zedi, kwezani input usiku womwewo. Swichi yapakhoma pambali pake ikhale yoyatsa nthawi zonse, magetsi amabwera okha nthawi ya usiku ikakwana. Mahita ena amakhala ndi swichi yachiwiri ya kahita kowonjezera. Kameneko kamadya magetsi a masana, kagwiritseni ntchito pokhapokha zikavuta.

Usiku woyamba mumva fungo la fumbi likupsa, limatha lokha. Mukadzuka hita ili zii pomwe swichi ndi input zili bwinobwino, yang'anani pabokosi la mafyuzi, chifukwa mahitawa amakhala ndi mzere wawowawo. Kukakhala kuti kulibe chagwa, kawirikawiri ndi kachitetezo kam'kati kamene kamadula moto hita ikatentha mopyola, makamaka ngati wina anayanikapo zovala. Ikamatentha mbali imodzi yokha, waya wina wapsa. Zonsezi ndi ntchito ya mwininyumba. Musamasule nokha, ena akalekale ali ndi asbestos m'kati, amene fumbi lake ndi loopsa m'mapapo. Ndipo chonde, matewera, masokosi ndi matawulo asafike pamwamba pake.

Popeza alamu ndi mwana amakhala pakhomo masana, Economy 7 ikukuyenerani. Komabe yesani masamu ake. Lembani R1 ndi R2 lero, mudzalembenso pakatha sabata. Ngati mayunitsi a usiku sakufika cha pa 40 peresenti ya onse, mtengo umodzi ungakukomereni. Mukaona kabokosi kolembedwa Radio Teleswitch pafupi ndi mita, imbirani kampani msanga. Chizindikiro cha wailesi chimene chimauza mamita amenewa nthawi ya mtengo wa usiku ndi wa masana anayamba kuchizimitsa pa 30 Juni 2025, ndipo kusintha mitayo ndi kwaulere.

Giza nayonso ili ndi maswichi awiri. Ya off-peak ikhale yoyatsa kuti madzi azitentha usiku. Ya boost ndi 3 kW ya masana, ndipo ikaiwalika yoyatsa imatha ndalama mwakachetechete. Thermostat yake ikhale pa 60°C, osatsitsa kuposa apo, kuopa tizilombo ta Legionella timene timaswana m'madzi ofunda. Thanki ikakhala ya kopa yopanda chofunda, iguleni jekete yake ya 80 mm.

Tsopano za mphepo yolowa. Tsiku la mphepo nyowetsani kuseri kwa dzanja, muyendetse m'mbali mwa mazenera, pansi pa chitseko, pa kabowo ka makalata ndi ka kiyi. Pamene mwamva kuzizira matanipo tepi ya siponji yogulitsidwa m'mashopu a zomangira. Pukutani kaye felemu iume, apo ayi tepi imamatuka mawa lomwe, ndipo musagule yokhuthala kwambiri chifukwa zenera lidzakana kutseka. Pansi pa chitseko ikani kabulashi kake, kapena pindani thawulo lakale. Mazenera a galasi limodzi ali ndi mankhwala otchipa: pulasitiki yopyapyala yomata pa felemu ndi tepi ya mbali ziwiri. Mukamata, iwuzireni ndi draya ya tsitsi mpaka makwinya atha, ikhale gwa. Mpweya wotsekeredwa pakati pa galasi ndi pulasitikiyo ndi umene umachepetsa kuzizira ndi madzi aja. M'chipinda chilichonse siyani zenera limodzi loti lizitseguka. Makatani okhuthala muwapeza motchipa m'mashopu a zachifundo. Tsekani dzuwa likangolowa, m'Disembala kwanuko kumada isanakwane 4 koloko, koma katani isaphimbe kapena kukhudza hita. Pansi yalani kapeti.

Apa pali msampha. Mukatseka paliponse, chinyezi chimasowa kotulukira, ndipo nyumba yachinyezi imamveka yozizira kuposa youma. Timabowo tampweya pamwamba pa mazenera, fani ya kubafa ndi ya kukhitchini, zimenezo musatseke. Zovala za kuchapa kumodzi mukaziyanika m'nyumba zimatulutsa madzi pafupifupi malita 2, ndipo madziwo amakathera pakhoma lozizira kuseri kwa wadirobu, kumene nkhungu yakuda imayambira. Kwa mwana wamng'ono nkhunguyi ndi yoopsa pachifuwa. Pophika vundikirani mapoto, makamaka nyemba zowira maola ambiri, ndipo tsekani chitseko cha khitchini. Mukasamba siyani fani ikuyenda kwa mphindi 15 kapena 20. M'mawa pukutani madzi apagalasi, mutsegule zenera kwathunthu kwa mphindi 10 n'kutseka. Kutero kuli bwino kusiyana ndi kulisiya lotsegula pang'ono tsiku lonse, chifukwa mpweya umasinthika makoma asanazizire. Bedi ndi wadirobu zitalikire khoma lakunja ndi masentimita 10. Gulani hygrometer, kachipangizo koyezera chinyezi, sifika ndi £10 yomwe, ndipo nambala ikhale pakati pa 40 ndi 60. Ikamakana kutsika, chimene ndingakuuzeni kuti mugule ndi dehumidifier, makina ochotsa chinyezi mumpweya, osati hita ina. Ya kompuresa imadya ma watt 200 kapena 300, koma imafooka chipinda chikatsika pansi pa 15°C. Ya desiccant imadya kwambiri, koma imagwira bwino pozizira ndiponso imatulutsa mpweya wofunda. Yanikani zovala m'chipinda chimodzi, chitseko chotseka, makinawo akuyenda.

Simungathe kutenthetsa fulati yonse, ndiye sankhani pabalaza, mutseke zitseko, pakhale 18°C kapena kuposera, monga amalangizira a zaumoyo kuno. Mukakhala pansi madzulo, bulangete lamagetsi limadya cha m'ma watt 100, maola 5 ndi theka la yuniti basi. Botolo la madzi otentha mudzaze magawo awiri mwa atatu ndi madzi osawira, ndipo osaliphatikiza ndi bulangete lamagetsi. Ziwirizi si za khanda. Kogona mwana kukhale pakati pa 16 ndi 20°C.

Hita yapulagi ilowe m'soketi yapakhoma mwachindunji. Ekisitenshoni imanyamula 13 A yokha, pafupifupi 3 kW, ndiye hita ndi ketulo pamodzi zikhoza kuisungunula. Pulagi ikamatentha kapena kuda pamapini, lekani kuigwiritsa ntchito. Makatani ndi sofa zitalikire hitayo ndi mpata waukulu. Zoti mulowetse mbaula kapena makala a braai m'nyumba, monga ena amachitira kwathu m'mwezi wa Juni, musayerekeze n'komwe. Mpweya wa carbon monoxide sununkha, ndipo m'fulati yomatamata chonchi umapha banja lonse lili mtulo. Hita ya gasi wa m'silinda imadzaza chinyezi, ndipo mapangano ambiri a lendi amailetsa.

Mwininyumba musamuope. Ku England lamulo la Landlord and Tenant Act 1985 limamukakamiza kukonza zotenthetsera nyumba ndi madzi zikawonongeka. Fufuzani EPC ya fulatiyo, satifiketi yosonyeza mmene nyumba imasungira kutentha kuyambira pa A mpaka G, pa gov.uk ndi postcode yanu. Kuyambira Epulo 2020 nyumba ya lendi siyenera kukhala pa F kapena G pokhapokha ngati analembetsa chilolezo chapadera. Dandaulo lililonse lembani pa imelo, ndi zithunzi ndi deti. Akamazengereza, pitani ku ofesi ya environmental health ya khonsolo, ndipo a Citizens Advice amalangiza kwaulere. Warm Home Discount, £150 imene amachotsera pa bilu ya magetsi, imatsata anthu olandira mabenefiti ena amene viza ya ntchito simawalola, ndiye musaiwerengere. Koma popeza muli ndi mwana wosakwana zaka 5, uzani kampani ya magetsi ikulembeni pa Priority Services Register, mndandanda wa anthu ofunika thandizo lapadera monga magetsi akazima, salipiritsa.

Usiku uno yatsani hita ya pabalaza yokha, input pa 4, output pa 1. Loweruka likudzalo munditumizire R1 ndi R2 pamodzi ndi mitengo iwiri ya pa bilu, tiwerengere limodzi ngati ya kuchipinda nayonso muiyatse. Mupereke moni kwa alamu.

Ndine mnzanu wa ku Plymouth.