Usanalipire dipoziti ya ukwati wa pachilumba uja

Mwana wanga,

Mayina a zilumba unatumiza aja ndawaona, La Digue ya ku Seychelles, Rodrigues ya ku Mauritius ndi Mafia ya ku Tanzania, ndipo ine ndi bambo ako sitikukaniza ayi, ukwati ndi wako ndi mnzakoyo, ngati mwakonda kukalumbira pamchenga anthu ali ochepa ife tibwera ndi mtima wonse. Koma usanapereke dipoziti kulikonse gwira ichi: chilumba chikakhala cha phee ndiye kuti kufikako nkovuta. Bata ukulifunalo lilipo chifukwa anthu ambiri amalephera kufika, ndiye sindikufuna kuti pakati pa olepherawo papezeke agogo ako kapena mayi ake a mnzako.

Yambira pa anthu, zithunzi za pa Instagram zibwere pambuyo. Lemba mayina a anthu oti popanda iwo ukwati sungachitike, uone wofooka kwambiri pagulupo, ulendo umene iyeyo angaupirire ndi umene ukusankhire chilumba.

Tenga La Digue yomwe waikonda kwambiriyo. Kulibe bwalo la ndege. Munthu umatsikira ku Mahé, chilumba chachikulu cha Seychelles, nkukwera boti pafupifupi ola lathunthu kukafika kuchilumba cha Praslin, kenako boti lina la mphindi 15, ndipo kuyambira Meyi mpaka Seputembala mphepo imawinditsa nyanja moti ngakhale anyamata amphamvu amafika atasanza, nanga agogo ako ndi mawondo aja akamatsika boti likugwedezeka ndani adzawagwire? Pachilumbapo anthu amayenda panjinga, magalimoto ndi owerengeka, ndiye galimoto ya akuluakulu muyipangane kusanache. Gombe la Anse Source d'Argent lija, la miyala ikuluikulu, polowa pamadutsidwa ku L'Union Estate, munda wakale wa kokonati, ndipo amalipiritsa, masana limadzaza ndi alendo obwera kudzajambula, ukadzati uwerame kuvala mphete kumbuyo kwako kuli munthu wa kabudula wosambira. Mukasankha kumeneko pitani mu Epulo kapena Okutobala nyanja ili bata, ndipo mufunse nthawi imene anthu amakhala atachoka.

Rodrigues ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 560 kummawa kwa Mauritius, pandege ndi ola ndi theka, mipando ndi yochepa ndiye anthu makumi atatu sangangodzuka nkupeza malo tsiku limodzi. Kumeneko vuto ndi namondwe, nyengo yake ndi Novembala mpaka Epulo, mu 2019 anadutsako awiri motsatizana, Gelena mu Febuluwale ndi Joaninha mu Malichi. Miyezi imeneyo ingoyiwala, olo hotela ikutsitsire mtengo bwanji. Mafia nayo mvula yake yaikulu ndi Malichi mpaka Meyi, malo ena ogona amatseka kumene, ndipo tindege tochokera ku Dar es Salaam kawirikawiri timalola makilogalamu 15 okha m'chikwama chofewa. Tangoganiza diresi, velo, suti, nsapato, zokongoletsera patebulo. Diresi ndi mphete uzinyamule wekha m'manja, usazipereke kuti zipite ndi katundu wina ndithu.

Tsopano za mapepala, apa ndiye ndikupempha undimvere. Dziko lililonse lili ndi lamulo lake pa alendo ofuna kukwatirana, ena amafuna mufike masiku angapo tsikulo lisanakwane, amafuna mapasipoti, masetifiketi obadwira, kalata yosonyeza kuti simunakwatirepo, mwina zonsezo zodindidwa chidindo cha apostille, chotsimikizira dziko lina kuti pepalalo ndi lenileni. Ku Maldives komwe mnzako anatchulako poyamba, mwambo umene mahotela amachitira alendo ndi wachionetsero chabe, pamaso pa lamulo simunakwatirane. Ine ndikuona kuti chanzeru nkukasayinira kaye ku ofesi ya boma komwe mukukhala, setifiketi ikhale m'manja, kuchilumbako mukangopita kukalumbira ndi kusangalala. Pepala limodzi likasowa muli pakati pa nyanja palibe amene angathamange kukalitenga.

Munthu wa konko mumupeze, wokhala pachilumba pomwepo osati wongoyankha ma imelo ali ku tawuni yaikulu. Ameneyo ndi amene amadziwa kuti boti la katundu limafika tsiku lanji, maluwa ndi keke zimachokera kuti, magetsi akathima jenereta ilipo kapena ayi, mvula ikagwa mudzathawira pati. Umufunsenso za madzi a m'nyanja, chifukwa kugombe la kummawa kwa Africa madzi akaphwa amabwerera kutali kwambiri nkusiya matope ndi ndere, akadzaza amatha kufika pomwe mwayala mipando. Dzuwanso kufupi ndi equator silichedwa, cha m'ma 6 koloko lalowa ndipo mdima umagwa msanga, mwambo ukayamba 5 koloko wojambula adzangotsala ndi mphindi zochepa. Zonse mwagwirizana zilembedwe, makamaka zoti ndalama zibwerera bwanji ulendo ukalephereka chifukwa cha nyengo.

Chipatala cha pachilumba chaching'ono chimathandiza zazing'ono, matenda akakula wodwala amanyamulidwa kupita kuchilumba chachikulu kapena kumtunda, ndiye aliyense akhale ndi inshuwalansi yolipira ulendo woterowo, ndipo bambo ako mankhwala awo a BP tidzanyamula opitirira masiku aulendo. Anthu onse afike kutatsala masiku awiri, boti kapena ndege ikalephera tsiku limodzi pakhale pothawira.

Komanso mwana wanga, amene ati sakwanitsa usawasungire kukhosi. Tikiti, pogona, tchuthi kuntchito, pasipoti kwa amene alibe, ndi katundu wolemera kwa munthu amene amakukonda koma thumba silikulola. Auzeni kutatsala chaka kapena miyezi isanu ndi inayi, muwauze poyera zomwe mulipire inu ndi zomwe adzilipirire okha, ndipo musayembekezenso mphatso kwa munthu amene wadzilipirira ulendo. Mukabwerako mukonze kaphwando ka otsalawo, diresi udzavalenso akuone.

Nditumizire mndandanda wa mayina a anthu uja Lamlungu lisanafike, ndikufuna ndikhale pansi ndi agogo ako ndiwafunse ndekha ngati boti angalikwere, chifukwa iwe akakuyankha kuti inde pongofuna kukusangalatsa. Umupatse moni mkamwini wathu.

Ndine mayi ako.