Kalata kwa Mkulu wa MBC: Tsegulirani bangwe chitseko cha situdiyo

Bwana Mkulu,

Ndine wokonza mawailesi pa msika wa Luchenza. Ntchitoyi ndinaiyamba nthawi ya mawailesi a Nzeru, pamene anthu ankayanika mabatire padzuwa kuti nkhani za madzulo zisawapite, ndipo ndikuigwirabe lero pamene amandibweretsera tiwailesi ta sola tolowetsa memori khadi. Wailesi ikachira m'manja mwanga ndimaiyesa potsegula Radio 1, choncho ndinganene kuti ndamvera nyumba yanu youlutsira mawu kuposa anthu ambiri, ngakhale kuti kumvera kwanga n'kwa pantchito. Ndalemba poyera chifukwa chimene ndikupempha si changa ndekha.

Pempho langa nali. Tipatseni ola limodzi pa mlungu, madzulo anthu atadya nsima, loti oimba nyimbo zamakolo ndi za magitala a kumudzi aziimba pamaso pa maikolofoni anu, inu n'kumaulutsa pompopompo. Munthu akhale pampando ndi bangwe wake, kaligo wake kapena banjo yake yachigubu, ayambe nyimbo, wa ku Chitipa ndi wa ku Nsanje aimve nthawi yomweyo, ndi chifuwa chomwe ngati watsokomola.

Mudzati nyimbo zamakolo mumaziika kale, ndipo sindikutsutsa. Ndikamva mawu a Allan Namoko akutuluka mu wailesi imene ndangoiwotcherera waya, ndimasiya chitsulo chowotcherera pansi. Koma taganizani mmene mawu amenewo anafikira m'nkhokwe yanu. MBC itayamba mu 1964, kwa zaka zambiri munthu wofuna kuti nyimbo yake imveke m'dziko lonse njira yake inali imodzi, yopita ku situdiyo za MBC ku Chichiri mu Blantyre, kapena kudikira kuti ojambula a wailesi afike kwawo ndi makina a matepi. Namoko anali munthu wosaona wa ku Thyolo, wokhala ndi banjo ndi anyamata a Chimvu Jazz omenya ng'oma zopanga okha. Ndalama zolipira situdiyo akanazipeza kuti? Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, Michael Yekha, Robert Fumulani, Chitenje Tambala ndi bangwe wake, onsewa tinawadziwa chifukwa wailesi ya dziko inkawapatsa malo. Pulogalamu ya Nyimbo za M'maboma inkatiphunzitsa dziko lathu kuposa mapu a kusukulu. Ine sindinafikepo ku Karonga, koma kulira kwa malipenga ndimakudziwa.

Daniel Kachamba anatisiya mu 1987, Namoko mu 1995, Donald mu 2001. Ndinakondwa nditamva kuti matepi akale aja, amene akanatha ndi chinyezi ndi nkhungu, anasamutsidwira pa kompyuta mothandizidwa ndi dziko la Norway. Amene anagwira ntchito imeneyo Mulungu awadalitse. Komabe nkhokwe yongotapa osathiramo chimanga chatsopano imatha. Mwana amene adzafune kumva mmene anthu a ku Phalombe ankaimbira m'zaka zathu zino adzatsegula chiyani?

Ndikuuzeni za amalume anga, chifukwa ndiwo andilembetsa kalatayi. Amaimba bangwe chiyambire unyamata wawo. Bangwe wawoyo ndi thabwa la mlombwa lakuda ndi thukuta la m'manja, waya wake anamuchotsa pa chingwe cha mabuleki a njinga, ndipo kumapeto amalowetsa thabwalo m'chitini chimene anakhomerapo zitsekerero za mabotolo kuti zizinjenjemera. Akamaimba, dzanja lina limakwapula mawaya onse pamodzi, zala za dzanja linalo zikugwira mawaya amene sakufuna kuti alire. Nyimbo zawo n'zodandaula, za ukamwini, za maliro, za mnzawo amene anapita ku Joni osabwerako. Chaka china ndinasonkha tindalama kuti mawu awo asadzapite nawo kumanda, ndipo ndinawatengera ku situdiyo ina ya m'tauni. Mnyamata wa pamenepo anali waulemu, sindimunena. Anawaveka zomvera m'makutu, n'kuwatsegulira kugunda kwa kompyuta kuti azitsatira. Amalume anayamba, n'kuima. Anayambanso, n'kuimanso. Kenako mnyamata uja anati bangweyo sakugwirizana ndi kiyibodi, amukunge bwino. Amalume anavula zomvera zija, n'kundiyang'ana, n'kunena kuti: "Mphwanga, kodi woimba ndi ine kapena ndi makinawa?" Mnyamatayo anachotsanso kunjenjemera kwa zitsekerero kuja poganiza kuti ndi phokoso. Tinabwerako ndi nyimbo ziwiri za mphindi zitatuzitatu zokhala ndi ng'oma za pa kompyuta. Amalume anazimva kamodzi, ndipo sanafunsenso za izo.

Mwezi womwewo, pa mwambo wa chiliza m'mudzi mwathu, amalume omwewo anaimba nyimbo imodzi kwa nthawi yoti munthu akhoza kuphika nsima n'kupakula. Amayi ankavomera, wina analiza nthungululu pakati pa vesi, iwo n'kulowetsa m'nyimbomo dzina la gogo amene anali atangofika kumene, anthu n'kufa nacho chiseko pamalo a chisoni. Waya wina anafwifwa, anamukunga akuimbabe. Nyimbo zathu zimakhala choncho, Bwana. Woyambitsa amadalira ovomera, ndipo mawu amasintha malinga ndi amene wakhala patsogolo pake. Makungidwe a bangwe, a sansi kapena a ulimba (chida cha timatabwa tomenya ndi timitengo) wa ku Chigwa cha Shire satsata kiyibodi ya ku tchalitchi, ali ndi makwerero awoawo, ndipo ukawawongola kuti afanane ndi a azungu watsala ndi chikopa, nyama yapita. Situdiyo ya malonda singadikire zimenezi chifukwa imawerenga maola ndi makwacha. Wailesi ya anthu onse, imene imayendera misonkho yathu, ndiyo ingakwanitse kupatsa nkhalamba mphindi khumi ndi zisanu kuti imalize nyimbo yake.

Mwina alipo amene angakuuzeni kuti achinyamata safuna zimenezi. Afunseni za Giddes Chalamanda. Munthu wobadwa mu 1930, ataimba pamodzi ndi Patience Namadingo mu 2020, gitala m'manja, popanda zokometsera zambiri, ana a pa TikTok a m'mayiko amene sadziwa n'komwe kumene kuli Chiradzulu anamuvina mwa mamiliyoni. Madalitso Band, anyamata awiri amene ankaimba m'misewu ya Lilongwe ndi gitala ya mawaya anayi ndi babatoni (chigitala chachikulu chopanga okha cholira besi), anakaimba ku chikondwerero cha nyimbo cha Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, ndipo kuchokera pamenepo akhala akuzungulira ku Ulaya. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay, ndi babatoni wake wa waya umodzi amene amamuliza ndi kamtengo ndi botolo, anatchuka pa intaneti kunja ambiri a ife tisanamumve. Zimandichititsa manyazi kuti nthawi zambiri timadikira mlendo atiuze kuti mwana wathu ndi wokongola. Akulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Pa mapepala zinthu zili bwino. UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inazindikira magule athu monga chuma cha dziko lonse lapansi: Gule Wamkulu ndi Vimbuza mu 2005, Tchopa mu 2014, Mwinoghe mu 2018, ndipo mu 2020 inalemba luso lopanga ndi kuimba sansi, limene tili nalo pamodzi ndi anzathu a ku Zimbabwe amene amati mbira. Koma pitani pa sukulu iliyonse ya pulayimale mufunse ana kuti sansi imalira bwanji. Satifiketi ili mu ofesi, mawu ake ali m'manja mwa nkhalamba zowerengeka.

Sindikupempha chinthu chimene mulibe zida zake. Mpira ukamaseweredwa pa Kamuzu Stadium kapena pa Bingu National Stadium timaumva pompopompo, kufuula kwa masapota ndi wezulo zomwe. Zida zomwezo zingathe kuima pansi pa mtengo wa mango ku Nsanje pamene anthu atatu agwada mozungulira ulimba umodzi. Muli ndi masitudiyo ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Kaning'ina mu Mzuzu, ndiye kuti mlungu uno kungakhale tchopa kapena manganje, wamawa chimtali kapena mganda, winawo amayi a visekese. Maboma ndi 28. Mutapatsa boma lililonse mlungu wake, chaka chisanathe mwazungulira dziko lonse n'kuyambanso kachiwiri. Monga munthu wa mawaya ndiwonjezere kuti maikolofoni ambiri si ofunika. Awiri kapena atatu oikidwa ndi munthu wa khutu labwino, amene amadziwa kuti ng'oma ya mbalule ikayandikira kwambiri imameza mawu a oimba, ndi okwanira. Amisiri akale aja ankajambula gulu lonse kamodzi n'kamodzi, ndipo mpaka lero tikumvabe zimene anajambula.

Pa nkhani ya malipiro ndiye ndikhalitsepo, chifukwa apa ndi pamene oimba a kumudzi akhala akulira kwa nthawi yaitali. Ambiri mwa akale aja anasangalatsa dziko lonse koma anamwalira ali amphawi. Woimba akabwera, apatsidwe ya thiransipoti yobwera ndi yobwerera, adye, ndipo alandire yake ya ntchito tsiku lomwelo, m'manja kapena pa foni, asanakwere minibasi. Asauzidwe kuti kumveka pa wailesi ndiwo malipiro ake, chifukwa kutchuka sikugula feteleza. COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi kutolera malipiro a oimba, ilipo kuyambira mu 1992, koma nkhalamba ya ku Muloza sidziwa kuti fomu yake amalembera kuti. Pakhale munthu pa situdiyo pomwepo woti amuthandize kulembetsa nyimbo zake asanatuluke pa geti. Ndipo chilichonse choulutsidwa chijambulidwe n'kusungidwa ndi dzina la woimba, mudzi wake, mfumu yake, chilankhulo, dzina la chida ndi amene anachipanga. Hugh Tracey, mzungu amene anayenda m'dziko muno akujambula nyimbo m'zaka za m'ma 1950, ankalemba zoterezi, n'chifukwa chake mpaka lero zojambula zake zimene zili ku South Africa zimatha kulondoleka kumene zinachokera. Ife eni ake tisachite zochepera pamenepo.

Woulutsa mawu akhale munthu wodziwa kufunsa n'kukhala chete. Woimba wa Chisena afotokoze nyimbo yake m'Chisena, wa Chilomwe m'Chilomwe, wa Chiyao, Chitumbuka, Chitonga kapena Kyangonde chimodzimodzi, kenako wina atimasulire mwachidule. Pali zinthu zina zosayenera maikolofoni, monga za kudambwe, za kutsimba ndi za kwa sing'anga pamene wodwala vimbuza akuvinidwa. Eni mwambo ndiwo anene poyambira ndi polekezera.

Chinthu china ndichinene mosabisa, poti ndine wamkulu ndipo ndinaziona. Nthawi imene wailesi inkajambula kwambiri nyimbo zamakolo inalinso nthawi ya chipani chimodzi. Lamulo la 1968 lounika zosangalatsa linkachititsa oimba kuyeza mawu aliwonse, ndipo magule ambiri anasandutsidwa nyimbo zotamanda mtsogoleri, amayi akuvina padzuwa atavala nsalu ya nkhope yake. Zimenezo sindikuzifuna, ndipo ola limene ndikupemphali lisadzakhale la chipani chilichonse, cholamula kapena chotsutsa. Nyimbo za pamtondo zinali bwalo la milandu la amayi, mmene ankadzudzuliramo mwamuna waulesi ndi apongozi ovuta. Woimba bangwe amadandaula za njala, za mitengo ya zinthu, za mfumu yogulitsa malo. Mukadzamuitana, mudzamulole adandaule. Kuulutsa pompopompo kumaopsa akuluakulu chifukwa sungabweze mawu amene atuluka, koma ndi chifukwa chomwecho anthu adzakhulupirira kuti zimene akumvazo n'zenizeni.

Za ndalama zoyendetsera pulogalamuyi mukuzidziwa bwino kuposa ine. Makampani a mafoni, a mbewu ndi mabanki amafuna makutu a anthu a kumudzi, ndipo anthuwo ndi amene adzatsegule mawailesi ola limenelo. Malonda awo azilowa nyimbo ikatha, asamadule woimba pakamwa. Achinyamata a m'tauni mudzawapeza mukaika kamera imodzi pakona n'kuponya pa Facebook.

Amalume akadali moyo, koma zala zayamba kuuma, makamaka m'miyezi yozizira ya June ndi July. Ndawawerengera kalatayi ndisanaitumize. Anaseka n'kunena kuti a ku Chichiri sangayankhe munthu wokonza mawailesi, kenako anandituma kuti ndikawapezere waya watsopano kwa wokonza njinga. Mukadzatsegula pulogalamuyi, ya minibasi yochokera ku Luchenza ndidzalipira ndekha ulendo woyambawo. Mudzangowakonzera mpando wopanda zogwirira m'mbali kuti zigongono zizitakasuka, ndi amayi atatu kapena anayi oti azivomera.

Ine womvera wanu,
Wokonza mawailesi, Luchenza